Hard disk ndi kanema wa ukwati: mbiri ya ojambula a m'malokeshoni a Blantyre



Lero tikambe mbiri ya kanthu kamene simungakapeze m'silabasi, ngakhale kanasungapo mbiri ya mabanja ambiri a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri. Ndikunena hard disk, kabokosi kachitsulo kaja kokhala m'mimba mwa kompyuta. Masiku ano mwana wa Fomu 1 amajambula kanema pa foni n'kumutumiza pa WhatsApp osaganizako n'komwe za malo osungira. Cha m'ma 2000, munthu wofuna kuyamba bizinesi yojambula maukwati ankagona akuganiza za hard disk: yaikulu bwanji, yothamanga bwanji, ikhala masiku angati. Zimene ankasankha pamenepo n'zimene zinachititsa kuti makanema ena tikhale nawo mpaka lero, ena n'kutayika.

Kanema anatipeza mochedwa

M'nthawi ya Dr Kamuzu Banda dziko lino linalibe wailesi ya kanema. Television Malawi, imene tonse tinkaitcha TVM, inayamba kuulutsa pa 1 April 1999 kuchokera ku Kwacha mu Blantyre, patatha zaka 5 chichitikire chisankho cha 1994. Pambuyo pake inaphatikizidwa ndi MBC.

TVM isanabwere, kanema wa m'lokeshoni anali wa VHS. Timanyumba ta vidiyo shoo ta pamsika tinkaonetsa makarate ndi nkhondo, kenako mafilimu a ku Nigeria. Wojambula ukwati ankasenza chikamera chachikulu pa phewa, chodya kaseti yonse ya VHS. Pokonza kanemayo ankalumikiza ma deki awiri, ina ikusewera ina ikujambula, chala chili pa batani la pause. Vuto lake linali lakuti kope iliyonse inkachepa ubwino. Kaseti yoyamba inkaoneka bwino, yopita kwa ankhoswe inkayamba kuzimirira, yopita kumudzi nkhope ya mkwatibwi n'kukhala ngati ili mu nkhungu.

TVM itatsegulidwa, ntchito inachuluka. Oimba anafuna makanema a nyimbo zawo, makwaya a m'mipingo nawonso, magulu a zisudzo chimodzimodzi. Nthawi yomweyo kunja kunali kutatuluka kale njira yatsopano. Mu 1995 makampani a zamagetsi anatulutsa DV, ndipo chaka chomwecho Sony inayamba kugulitsa kamera ya DCR-VX1000, yogwiritsa ntchito katepi kakang'ono ka MiniDV. Inali ndi polowetsa chingwe cha FireWire, chimene dzina lake lina ndi IEEE 1394. Ndi chingwe chimenechi kanema ankachoka pa tepi kulowa mu kompyuta osataya ubwino ngakhale pang'ono. Koma walira mvula walira matope. Kanemayo akalowa mu kompyuta ankafuna pofikira.

Tiwerengere limodzi

Aphunzitsi a masamu, apa ndi panu. Kuno timagwiritsa ntchito PAL, imene imaonetsa zithunzi 25 pa sekondi. Chithunzi chimodzi chili ndi timadontho 720 m'lifupi ndi 576 kutalika, kutanthauza timadontho 414,720. Kadontho kalikonse kakatenga ma byte 2, chithunzi chimodzi chikukwana ma byte 829,440. Chulukitsani ndi 25, mupeza ma byte oposa 20 miliyoni pa sekondi imodzi yokha, pafupifupi 75 GB pa ola.

DV inkafinya zimenezi pafupifupi kasanu. Kanema ndi mawu pamodzi zinkabwera pa 3.6 MB pa sekondi, kutanthauza pafupifupi 13 GB pa ola. Nambala imeneyi, 13, wojambula aliyense ankaidziwa pamtima ngati Atate Wathu.

Tsopano ganizani za ukwati wathu wa Loweruka. Kukongoletsa mkwatibwi m'mawa, mwambo wa kutchalitchi, kujambulitsa zithunzi, mdipiti wa magalimoto, kenako madyerero ku holo kumene perekaniperekani yekha amadya maola. Matepi 6 a mphindi 60 sanali achilendo. Matepi 6 ndi 78 GB, musanawerengere malo amene kompyuta ikufuna pophika kanema womalizidwa. Koma kompyuta za kaunjika zimene zinkafika kuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ma Pentium II ndi Pentium III opuma pantchito m'maofesi a kunja, zambiri zinkabwera ndi hard disk ya pakati pa 4 GB ndi 20 GB. Ya 20 GB, ngakhale itakhala yopanda kanthu, inkangolandira ola limodzi ndi theka.

Panalinso kachinyengo ka manambala. Wopanga hard disk amawerenga GB imodzi ngati ma byte 1,000,000,000, pamene Windows imawerenga 1,073,741,824. Ndiye ukagula ya 40 GB, kompyuta inkakuuza kuti ndi 37.2 GB. Ya 80 GB inkaoneka 74.5 GB. Ambiri ankabwerera kusitolo kukakangana poganiza kuti awabera.

Kukula pakokha sikunkakwanira

Kalata ya pa kompyuta ikachedwa kusungidwa ndi theka la sekondi, palibe amadandaula. Kanema wochokera pa tepi ndi wina. Tepi ikayamba kuzungulira siima kudikira munthu. Hard disk ikangopumira kamphindi, zithunzi zina zimagwera pansi osalembedwa. Pulogalamu inkakuwerengera pakona kuti zithunzi zotayika zakwana zingati. Zotsatira zake, mkwati ankadumpha ngati chidole, ndipo pakamwa pa abusa pankayenda mosiyana ndi mawu awo.

Kunja vutoli anayamba kulimbana nalo kale. Ma hard disk a kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ankati akatentha, zitsulo za m'kati zikafutukuka pang'ono, ankaima kaye kuti mutu wowerenga upezenso njira yake. Kuimako kunali kwa kanthawi kochepa zedi, koma kokwanira kuononga kanema. Choncho makampani ngati Micropolis anayamba kupanga ma hard disk apadera olembedwa kuti AV, amene ankadikira kuti kulemba kuthe asanadzikonze. Ankalumikizidwa ndi SCSI, imene inkafuna khadi yakeyake, kawirikawiri ya Adaptec. Seagate inatulutsa Barracuda mu 1992, yozungulira ka 7,200 pa mphindi, kenako Cheetah mu 1996, yozungulira ka 10,000. Zimenezi zinali zida za masitudiyo akuluakulu, ndipo mtengo wake munthu wa kashopu ka ku Bangwe sakanaufikira.

Mwayi wathu unali wakuti pamene ife tinkalowa m'bwaloli, ma hard disk wamba a IDE anali atakula msinkhu. Opanga anapeza njira yolemba zizindikiro zolondolera mutu pakati pa data yeniyeniyo, kuima kuja n'kutha. Cha m'ma 1998 kunabwera Ultra DMA/33, kenako ATA/66, ndipo mu 2000 ATA/100. Hard disk ya IDE ya nthawi imeneyo inkatha kulemba 3.6 MB pa sekondi mosavuta. Tinganene kuti kuchedwa kwathu kunatipulumutsa ku SCSI.

Malamulo a wojambula wochenjera

Ngakhale zinali choncho, panali zinthu zimene amisiri ankaphunzitsana pakamwa, ndipo wosafunsa ankadya phula.

Choyamba, ma hard disk awiri. Imodzi ya Windows ndi mapulogalamu monga Adobe Premiere, Pinnacle Studio kapena Ulead VideoStudio, ina ya kanema yekha. Chifukwa chake n'chosavuta: mutu wa hard disk uli ngati mphunzitsi mmodzi wopatsidwa makalasi awiri pa piriyodi imodzi. Windows ikauitana pamene ukulemba kanema, kalasi ina itsala yokha. Kugawa hard disk imodzi kuti ioneke C ndi D sikunkathetsa vutoli, pakuti mutu unali umodzi womwewo.

Chachiwiri, zingwe. Chingwe chimodzi cha IDE chinkanyamula zida ziwiri, ina master ina slave, ndipo ankazisiyanitsa ndi kapulasitiki kakang'ono ka jumper kumbuyo kwake. Zida ziwirizo zinkalankhula mosinthana, ndiye kunali bwino kuti hard disk ya kanema ikhale pa chingwe china, osati pamodzi ndi ya Windows. Ndipo kuti ifike liwiro la ATA/66 kapena kuposa, inkafunika chingwe cha mawaya 80. Chakale cha mawaya 40 chinkalowa bwinobwino pamalo omwewo, koma liwiro linkatsalira pa 33.

Chachitatu, DMA. Mu Windows 98 munali kabokosi koti uchonge kuti hard disk izitumiza data yokha osadutsira kwa purosesa, ndipo nthawi zambiri kankapezeka kosachonga. Windows XP nayo inali ndi khalidwe lake: ikaona zolakwika zingapo pa chingwe inkatsitsa liwiro mpaka kubwerera ku njira yakale ya PIO osakuuza. Munthu ankangoona kompyuta yayamba ulesi, n'kuyamba kuganizira anthu a mpikisano kuti amuchita chipongwe.

Chachinayi, liwiro lozungulira. Panali ya 5,400 ndi ya 7,200 pa mphindi. Ya 7,200 inkapepukitsa ntchito yodula ndi kulumikiza, koma inkatentha kwambiri komanso inali yodula. Pa DV yokha, ya 5,400 yabwino inkakwanira. Mu 2001 Western Digital inatulutsa ina yokhala ndi cache ya 8 MB pamene zambiri zinali ndi 2 MB, ndipo okonza makanema anaikonda.

Chachisanu, osaidzaza. Hard disk imayamba kulemba kumphepete kwa mbale, kumene mzere ndi wautali ndipo data yambiri imadutsa pa kuzungulira kumodzi. Ikamadzaza imalowera m'kati, liwiro n'kumatsika. Onjezanipo kumwazikana kwa mafayilo chifukwa cholemba ndi kufufuta. N'chifukwa chake zithunzi zinkatayika kwambiri pa tepi yomaliza, ndipo amisiri ankasiya defrag ikuyenda usiku wa Lachisanu.

Za USB panalibe nkhani. USB 1.1 inkafika 12 megabit pa sekondi, ndiye kuti 1.5 MB, osafika ngakhale theka la zimene DV inkafuna. Ma hard disk a kunja kwa kompyuta anayamba kuthandiza pamene USB 2.0, imene inakhazikitsidwa mu 2000, inafala, kapena kwa amene anali ndi bokosi la FireWire.

Makoma osaoneka

Panalinso malire ena ochokera ku mapulogalamu ndi ku bolodi ya kompyuta. Fayilo ya AVI ya mtundu wakale sinkapitirira 2 GB, mphindi 9 ndi theka za DV. Windows 98 inkasunga mafayilo mwa njira ya FAT32, imene silola fayilo imodzi kufika 4 GB, pafupifupi mphindi 19. Ulaliki wa pa ukwati umaposa pamenepo. Mapulogalamu ena ankaduladula okha kanemayo m'zidutswa, ena ankangoima. Chimene chinamasula anthu ndi NTFS ya mu Windows 2000 ndi Windows XP, imene inatuluka mu October 2001.

Bolodi zakale nazo zinali ndi makoma awo. Zina sizinkaona kupitirira 8.4 GB, zina zinkauma pozindikira hard disk yoposa 32 GB. Tangoganizani munthu wasunga ndalama miyezi, watumiza m'bale wake wa ku Johannesburg kuti amugulire ya 40 GB, yafika pa basi, kompyuta n'kuikana. Ankachita kuika jumper yoichepetsa kuti ikhale 32 GB, kapena kufufuza BIOS yatsopano pa intaneti ya mu kafe, yolipira pa mphindi. Khoma lomaliza linali la 137 GB, limene linagwa ndi njira ya 48-bit LBA, ndipo Windows XP inayamba kuimva ndi Service Pack 1 mu 2002. Kuyambira 2003 zingwe zopyapyala za SATA zinayamba kulowa m'malo mwa IDE, nkhani za jumper n'kuyamba kutha.

Adani a kwathu kuno

Malangizo a m'magazini a kunja sankanena za zinthu zitatu zimene ife tinkakhala nazo tsiku ndi tsiku.

Mdani woyamba anali kuzima kwa magetsi. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo zinyalala, matope kapena kuchepa kwa madzi zikavuta kumeneko, lokeshoni imagona mumdima. Magetsi akazima kompyuta ili pakati polemba, fayilo inkaonongeka, ndipo pa FAT32 nthawi zina chikwatu chonse chinkasokonekera. NTFS inkapirirako chifukwa imasunga kaundula wa zimene ikuchita. Kubwera kwa magetsi mwamphamvu, komanso ziphaliwali za m'dzinja, zinkapsereza kabolodi ka pansi pa hard disk. Wanzeru ankagula UPS asanagule hard disk yachitatu.

Wachiwiri anali kutentha ndi fumbi. Kashopu ka malata mu October, ma hard disk awiri a 7,200 atapanikizana m'bokosi limodzi, fumbi la mumsewu litatseka mafani. N'chifukwa chake munkaona kompyuta zambiri zili chivundukulire, fani ya patebulo ikupemerera m'kati.

Wachitatu anali kaunjika. Hard disk yogwiritsidwapo kale ntchito imaoneka yatsopano kunja, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Sudziwa kuti yazungulira maola angati kapena inagwapo kangati panjira. Ndipo dzina lalikulu silinali chitetezo. Deskstar 75GXP ya IBM, imene inatuluka mu 2000 ndipo inatamandidwa chifukwa cha liwiro, inatchuka dziko lonse chifukwa chofa msanga, mpaka anthu anakasuma kukhoti ku America. IBM inagulitsa bizinesi yake ya ma hard disk kwa Hitachi, imene inayamba kuiyendetsa mu 2003. Mayina ena amene tinkawaona m'makompyuta athu anamezana: Maxtor inatenga gawo la ma hard disk la Quantum mu 2001, Seagate n'kugula Maxtor mu 2006. Ena ankamanga ma hard disk awiri kuti azigwira ntchito ngati imodzi yothamanga, njira ya RAID 0, koma imodzi ikafa zonse zinkapita.

Zimene zinatayika

Apa ndi pamene nkhaniyi ikukhudza ife okonda mbiri. Chifukwa malo anali ochepa, wojambula sakanatha kusunga ukwati wa sabata yatha. Akangopereka chimbale kwa eni ake, ankafufuta zonse kuti wa Loweruka lotsatira upeze malo. Matepi a MiniDV anali odula, ndiye ambiri ankajambulanso pamwamba pake. Chotsala chinali chimbale chokha.

Ndipo chimbalecho nthawi zambiri chinali VCD, chifukwa ndi imene makina otsika mtengo a m'nyumba zathu ankasewera. VCD ili ndi timadontho 352 ndi 288, gawo limodzi mwa magawo 4 a chithunzi cha DV. Imadya pafupifupi 10 MB pa mphindi, pamene DV imadya zoposa 200 MB. DVD ya 4.7 GB itafala zinthu zinakhalako bwino, komabe inali kope yofinyidwa. Choncho maola 6 ojambulidwa bwino ankasanduka maola 2 osaoneka bwino, ndipo zimene zinkadulidwa ndi zomwe wolemba mbiri angazifune lero: misewu ya Ndirande mmene inalili, minibasi, nyumba za m'mbali, zovala, magule, agogo atakhala pakona akuimba nyimbo za kwawo. Chimodzimodzi makanema a makwaya, zinkhoswe, maliro ndi masiku otsazikana ndi a Fomu 4 m'sukulu zathu.

Palibe woti timudzudzule. Munthu wa hard disk ya 40 GB ndi banja loti adyetse analibe njira ina. Koma tizidziwa kuti mbiri ya zithunzi ya malokeshoni athu ya zaka zimenezo inasefedwa ndi kukula kwa kabokosi kachitsulo.

Kutha kwa nyengo

Mu 1956 hard disk yoyamba ya IBM inali ndi mbale 50 ndipo inkasunga ma MB osapitirira 5, osakwana masekondi 2 a DV. Mu 2007 Hitachi inatulutsa ya 1 TB, yokwana maola oposa 70. Kuyambira pamenepo funso la malo linayamba kuchepa, ngakhale kumapeto kwa 2011 mitengo inakweranso madzi osefukira atamiza mafakitale ku Thailand, nthawi yomwe kuno tinali pa mavuto a mafuta ndi ndalama zakunja. Makamera anasiya matepi n'kuyamba memori khadi. Polowetsa FireWire panasowa pa makompyuta atsopano. Kampani yomaliza yopanga ma deki a VHS, Funai ya ku Japan, inasiya mu 2016.

Tichitepo chiyani

Zimbale zowotcha pa kompyuta sizikhala muyaya. Utoto wa m'kati umafooka ndi dzuwa ndi chinyezi, ndipo zambiri za 2003 zayamba kale kudumpha. Matepi amachita nkhungu. Hard disk yokhala zaka m'kabati ikhoza kukana kudzuka. Ndipo namondwe Freddy, amene anagumula nyumba ku Chilobwe ndi madera ena a Blantyre mu March 2023, anationetsa kuti katundu wosungidwa malo amodzi amatha usiku umodzi.

Ndiye ndikupempheni zinthu zochepa. Ngati kwanu kuli VCD kapena DVD ya ukwati wa makolo, ikopereni pa kompyuta mwezi uno. Koperani mafayilo mmene alili, musawatumize kaye pa WhatsApp chifukwa imawafinyanso. Sungani makope 3, imodzi ikhale kwa m'bale wa dera lina. Lembani mayina a anthu, malo ndi chaka agogo akadalipo oti akuuzeni. Ngati mukudziwa amene ankajambula m'dera lanu, kawafunseni mwaulemu ngati ali ndi katoni ya matepi kapena ma hard disk akale. Kachingwe kosinthira IDE kupita ku USB kamapezeka. Hard disk ikadzuka, koperani zonse nthawi yomweyo, ndipo ikayamba kugogoda izimitseni mukafunse amisiri. Tepi ya MiniDV imafuna kamera yamoyo ndi kompyuta ya FireWire, ndiye amene muli nazo musazitaye.

Anzanga a History ndi a Computer Studies, iyi ndi ntchito yoti makalabu athu angaigwire limodzi teremu imodzi. Ana aphunzira kuwerengera ma byte, aphunzira kufunsa akuluakulu mafunso, ndipo sukulu ikhala ndi kankhokwe ka mbiri ya dera lake. Eni kanema apemphedwe chilolezo kaye, pakuti ukwati ndi maliro ndi nkhani za banja.

Inu ana anga akale amene muli ku Lilongwe, Johannesburg kapena UK, mukaimba foni kunyumba sabata ino funsaniko kuti chimbale chija chili kuti.